Kodi pa Linux pamasewereka magemu?

Sabata yatha pa buleki tinakangana kwambiri pansi pa mtengo wa mango uja. Mnzanga wina wa Fomu 3 ananenetsa kuti Linux ndi ya anthu a magalasi okonda manambala, gemu siingasewereke pamenepo. Ine ndinatsutsa, koma belu linalira ndisanamalize. Ndiye ndati ndilembe pano kuti aliyense adziwerengere yekha, nayenso mwiniwakeyo aone.

Tiyambe ndi Linux yemweyo, poti ena mukungomva dzina. Kompyuta iliyonse, ngakhale foni, ili ndi pulogalamu yaikulu imene imayendetsa zonse: kiyibodi, sikirini, mafayilo ndi mapulogalamu ena onse. M'buku la Computer Studies amaitcha operating system. Windows ndi imodzi, ndipo ndi ya kampani ya Microsoft. Linux anaiyamba mnyamata wa ku Finland, Linus Torvalds, mu 1991, ali ndi zaka 21, akuphunzira pa yunivesite ya Helsinki. M'malo mobisa malangizo amene analemba, amene amati khodi, anawaika poyera kuti aliyense awerenge, asinthe ndi kugawira anzake. Zimenezi ndi zimene amati open source.

Ife akumudzi sitingavutike kumva. Mbewu ya haibulidi umakagula kusitolo chaka ndi chaka, ndipo mmene anaipangira akudziwa ndi eni ake. Chimanga cha makolo umasankha wekha chachikuluchikulu, kuchipachika kukhitchini kuti utsi uchiteteze kwa anankafumbwe, nyengo ikafika ukudzala, china ukupatsa azakhali. Linux ndi chamakolo. N'chifukwa chake ilipo mitundu yambirimbiri: Debian, Fedora, Arch, Linux Mint. Ina ndi Ubuntu, imene Mark Shuttleworth wa ku South Africa anaiyambitsa mu 2004, ndipo dzinalo ndi umunthu wathu womwewu. Chinanso, mkati mwa Android muli Linux. Eti mnzanga uja amasewera Dream League Soccer pa foni ya Android tsiku lililonse, osadziwa kuti chimene akunyozacho chili m'thumba mwake!

Koma ndisamunamizire, pa makompyuta kale zinalidi choncho. Opanga magemu ambiri ankalembera Windows basi, chifukwa ndi kumene kunali ogula. Zinthu zinasintha chifukwa cha kampani ya ku America yotchedwa Valve, eni ake a Steam, msika waukulu wogulitsa magemu a kompyuta pa intaneti. Mu 2013 anatulutsa Steam ya pa Linux. Mu 2015 anayesa kugulitsa makina otchedwa Steam Machine, koma sanayende malonda, magemu ake anali ochepa. Sanagwe ulesi. Mu 2018 anatulutsa pulogalamu yotchedwa Proton, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani.

Proton amagwira ntchito ngati womasulira pa msonkhano. Gemu imene inapangidwira Windows imalankhula chinenero cha Windows: jambula ichi, liza phokoso ili, tsegula fayilo iyo. Linux payokha siimva. Proton amaima pakati, kumva zimene gemu yanena n'kuzitembenuza nthawi yomweyo kuti Linux imve. Gemuyo imangoganiza kuti ili kwawo. A Valve sanayambe okha zimenezi. Anamanga pa pulogalamu ina ya open source yotchedwa Wine, imene anthu akhala akuikonza kuyambira 1993. Kukanakhala kuti khodi ya Wine inali yobisika, bwenzi atayambira pansi. Kenako mu February 2022 anatulutsa Steam Deck, kakompyuta kogwira m'manja kosewerera magemu, koyendera Linux. Lero magemu masauzande a Windows akusewereka pamenepo. Kotchipa kake kanayamba pa madola 399. Musandifunse kuti ndi makwacha angati, mutu ungakupwetekeni.

Mwina mukuti, nanga ife opanda madolawo zikutikhudza bwanji? Nkhani ndi iyi. Pa 14 October 2025 Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 monga inkachitira nthawi zonse, kupatula kwa amene analembetsa kuti awaonjezere nthawi. Kompyuta siizima ayi, koma zigamba zotseka mipata ya mavayirasi zimasiya kubwera. Windows 11 nayo imafuna makina atsopanoko, okhala ndi kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0. Tsono makompyuta ambiri amene amafika m'manja mwa anthu ngati ife ndi a kaunjika, ogwiritsidwa kale ntchito kwina. Ambiri mwa iwo Windows 11 sangaikwanitse. Linux imawalandira, ndipo ilipo mitundu yopepuka imene inapangidwira dala makina okalamba.

Ine ndaziona ndi maso. Achimwene anga amene amagwira ntchito m'tauni anandisiyira laputopu yawo yakale ya memore ya 4 GB. Inkachedwa moti ukaiyatsa umatha kukatunga madzi n'kuipeza isanadzuke. Atabwera pa holide anabweretsa Linux Mint pa fulashi, n'kundiuza kuti ndidikire abwere kuchokera ku dimba. Ine phuma. Ndinaika ndekha, ndipo pamene inafunsa ngati ifufute zonse za pa disiki ndinavomera osawerenga bwino. Zithunzi za chinkhoswe chawo zinapita zonse. Mwayi wake zina zinali mufoni ya alamu, koma masiku awiri achimwene sanandilankhule. Vuto linali langa, osati la makina. Ndiye amene mukufuna kuyesa, yambani mwakopera mafayilo anu kwina. Ndipotu Linux Mint imatha kuyaka kuchokera pa fulashi pomwepo osakhudza chilichonse, ukaona kuti siikukusangalatsa umangozula.

Panopa laputopu ija ikuyenda. Ndimasewera SuperTuxKart, mpikisano wa timagalimoto umene mwa oyendetsa ake muli Tux, kambalame ka penguin kamene ndi chizindikiro cha Linux. Ndimaseweranso Luanti, yomanga zinthu ndi timabokosi ngati Minecraft, imene mpaka 2024 inkatchedwa Minetest. Onsewa ndi aulere, ndipo ukawaika kamodzi safunanso bandulo. Kwa munthu amene netiweki amaipeza pokhapokha wakwera pachulu, chimenechi si chaching'ono.

Tsopano pamene mnzanga uja akhoza kundiseka. Linux siisandutsa laputopu yokalamba kukhala PlayStation 5. Gemu yolemera imafuna makina amphamvu, kaya pali Windows kaya Linux. Ndiponso alipo magemu otchuka amene sasewereka n'komwe: Fortnite, Valorant, ndi EA Sports FC imene tonsefe timangoitchabe FIFA. Chifukwa chake ndi mapulogalamu ogwira akuba m'masewero a pa intaneti. Amenewa amalowa mkatikati mwa Windows kukafufuza ngati wina akubera, ndipo Proton sangawamasulire pokhapokha eni gemu atalola. Apex Legends inkasewereka bwinobwino, koma mu October 2024 eni ake anatseka khomo, akuti oberawo ankadzera ku Linux. Ine ndikuona kuti nkhani yeniyeni ndi kuchuluka kwa anthu. Kumapeto kwa 2025, pa osewera 100 alionse a pa Steam, a Linux anali atatu kapena kuposerapo pang'ono, ndiye kampani ikawerengera imaona kuti kuwatsekera kunja n'kosavuta kusiyana ndi kuwalondera.

Choncho pa mpira ndagonja, Loweruka mudzandipezabe pa shedi ya magemu ku tiledingi senta ndikudikira mzere ngati wina aliyense. Koma zoti pa Linux palibe gemu, ayi. Lachisanu tikaweruka ndibwera nayo laputopuyo, ngati sola ya kwa aneba itchaje bwino. Batire lake silifika ola limodzi, ndiye aliyense mpikisano umodzi basi, ndipo woyamba kugwira kiyibodi akhale mkulu wa Fomu 3 uja.