Mwini filimu safa, nanga woyenda naye uja?

Aliyense amene adakhalapo pa benchi m'kanyumba koonetsera mafilimu pa Njuli, pa Namitambo kapena pa Mbulumbuzi m'boma la Chiradzulu amalidziwa lamulo lalikulu la malowa: mwini filimu safa. Amumenye ndi zitsulo, amuponye kuphompho, galimoto yake iyake moto, ana amangoseka podziwa kuti mkuluyo adzuka, asasa fumbi n'kupita kukabwezera.

Nanga ngati safa, mtima umagundiranji? N'chiyani chimawakhazika anthu chete mpaka kuiwala chimanga chootcha chili m'manja?

Kawirikawiri amakhala munthu amene dzina lake sililembedwa pa bolodi la pakhomo: mnzake wa mwini filimu, woyenda naye uja. Ameneyo amatha kuvulala, amatha kutayidwa panjira, ndipo amatha kufa.

Sewero limene lidaigwira bwino mfundoyi ndi Doctor Who, lomwe wailesi ya kanema ya BBC ku Britain idayamba kuonetsa pa 23 November 1963. Ndi nkhani yopeka ya sayansi, yonena za mlendo wochokera ku dziko lina lakutali lotchedwa Gallifrey. Ali ndi mitima iwiri, dzina lake lenileni satchula, anthu amangoti Dokotala. Amayenda m'chombo chotchedwa TARDIS, chomwe kunja chimaoneka ngati kanyumba ka buluu koimbira telefoni ka apolisi a ku Britain akale, koma ukalowa mkati n'chachikulu kuposa holo ya sukulu. Chombochi chimapita kulikonse, ngakhale m'zaka zakale kapena zam'tsogolo.

Pa Dokotalayu, zoti mwini filimu safa ndi lamulo la sewero lenilenilo. Mu 1966 William Hartnell, yemwe adayamba kusewera gawoli, thanzi lake litafooka, akuluakulu a seweroli adapeza nzeru yoti Dokotala akafika pakufa azingosintha thupi ndi nkhope, wosewera wina n'kulowapo. Ndi mmene lakhalira mpaka zaka zoposa 60.

Amalawi ambiri sadakule nalo seweroli. Television Malawi idatsegulidwa mu 1999, pomwe Doctor Who adali atayamba waima mu 1989, ndipo adadzabwereranso mwamphamvu mu 2005. Koma kwa anansi ku Zambia ndi ku Rhodesia, komwe anthu ambiri a kuno ankapita kukagwira ntchito, makanema a kumeneko ankalionetsa m'zaka za m'ma 1960.

Chodabwitsa n'chakuti gawo loyamba lenileni silidayambe ndi Dokotala ayi. Lidayamba ndi aphunzitsi awiri a pa sukulu ina mu London, Ian Chesterton wa sayansi ndi Barbara Wright wa mbiri yakale, akudandaula za mtsikana wa m'kalasi mwawo, Susan, yemwe ankadziwa zinthu zozama kuposa aphunzitsi koma n'kumalephera zinthu zapafupi zimene mwana aliyense amadziwa. Monga aphunzitsi osamala, adamutsatira madzulo kuti akaone kwawo. Adakapeza kuti mtsikanayo amalowa pamalo otayapo ziwiya zakutha, m'kanyumba ka buluu kaja, momwe amakhala ndi agogo ake.

Agogowo, omwe ndi Dokotala, sadali munthu wabwino poyamba. Poopa kuti aphunzitsiwo akaulula chinsinsi, adatseka chitseko n'kuliza chombo, kuwatenga mokakamiza mpaka ku nthawi imene anthu ankakhala m'mapanga. Kumeneko, pothawa, adapeza mmodzi mwa owathamangitsa atavulazidwa ndi chilombo. Barbara adaumirira kuti amuthandize. Dokotala, poona kuti akuchedwa, adatola mwala, ndipo ndi Ian amene adamugwira mkono.

Apa ndiye pagona nkhani. Ngwazi imene dziko lonse likuidziwa lero ngati yopulumutsa anthu idaphunzira chifundo kwa aphunzitsi awiri wamba.

Ntchito ina ya mnzake wapaulendo ndi yapafupi: kufunsa. Dokotala amadziwa zonse, choncho akakhala yekha alibe chifukwa chofotokozera kanthu. Pamafunika wina woti afunse kuti kodi kuno n'kuti, chinthu icho n'chiyani, nanga tikuthawiranji. Akamayankhidwa iye, woonera nayenso wamva. Achinyamata omwe amamasulira mafilimu m'Chichewa, aja mawu awo amamveka pa masipika a m'misika, amagwira ntchito yofanana ndi imeneyi: kuima pakati pa nkhani yachilendo ndi munthu wa pa benchi. Ndipo amene adaonerapo malemu John Nyanga ndi malemu Eric Mabedi akudziwa kuti nthabwala ya Izeki inkapsa chifukwa padali Jakobo woibweza.

Koma kufunsa kokha sikukwanira, ndipo apa seweroli lidalakwitsa kwa zaka zambiri. Atsikana angapo adalembedwa ngati anthu ongokuwa akaona chilombo, kupunthwa pothawa, n'kudikira kuti Dokotala adzawapulumutse. Carole Ann Ford, yemwe ankasewera ngati Susan, adachoka mu 1964 patangotha chaka, posakhutira kuti gawo lake silikukula. M'nkhanimo, Dokotala adamutsekera kunja kwa chombo mdzukulu wakeyo kuti atsale ndi mnyamata amene adamukonda. Sadamufunse n'komwe maganizo ake.

Zinthu zidasinthako mu 1973 pomwe kudabwera Sarah Jane Smith, mtolankhani wosaopa kufunsa, yemwe ankaseweredwa ndi Elisabeth Sladen. Anthu adamukonda kwambiri moti mu 2007, patatha zaka zoposa 30 atachoka, BBC idamupatsa sewero lakelake, lomwe lidatha iye atamwalira mu 2011. Komabe naye adachoka mosalongosoka. Mu 1976 Dokotala adaitanidwa kwawo mwadzidzidzi n'kumutsitsa pamsewu, ati wamufikitsa kwawo ku Croydon. Mu 2006 ndi pomwe zidadziwika kuti adamusiya ku Aberdeen, ku Scotland, mtunda wa makilomita mazanamazana kuchokera kwawo. Zili ngati kondakitala kumutsitsa munthu wa ku Nguludi pa Karonga n'kumuuza kuti wafika.

Ena sadabwerere n'komwe. Mu 1982 mnyamata wodziwa masamu dzina lake Adric adatsalira m'chombo chomwe chinkagwera pa dziko lapansi, akuyesetsa kuchiwongola, ndipo adafera momwemo. Tsiku limenelo maina a osewera adadutsa pa kanema popanda nyimbo, kumbuyo kukuoneka baji yake yothyoka. Ana ambiri ku Britain adaphunzira usiku umenewo kuti kuyenda ndi mwini filimu si chitetezo.

Amene adaonetsa poyera kufunika kwa mnzake wapaulendo ndi Donna Noble, mayi wolongolola, wogwira maganyu a ukalaliki m'maofesi, yemwe ankaseweredwa ndi Catherine Tate. Atakumana koyamba mu 2006, adaona Dokotala akuwononga adani ake mopanda chisoni, ndipo adamuuza kuti asamayende yekha chifukwa amafunika wina womuletsa. Mu 2008 awiriwa adafika mumzinda wa Pompeii m'chaka cha 79, phiri la Vesuvius litatsala pang'ono kuphulika. Dokotala adati mbiri singasinthidwe, anthuwo ayenera kufa. Donna adalira, kumuchonderera kuti ngati sangapulumutse mzinda wonse, apulumutseko banja limodzi lokha. Adabwerera n'kukalitenga banjalo.

Chaka chotsatira, akuyenda yekha, Dokotala adadzikuza n'kuyamba kusankha yekha woyenera kukhala ndi moyo, ndipo zidathera m'maliro. Mutu umodzi susenza denga, ngakhale mwini mutuwo akhale ndi mitima iwiri. Donna naye malipiro ake adali owawa: kuti asafe, Dokotala adamufufutira m'mutu zonse zimene adaona ndi kuchita, n'kumubwezera kwa mayi ake ngati sadapiteko kulikonse. Adadzakumbukiranso mu 2023.

Kwa woonera wa ku Africa, nkhani yokhudza kwambiri ndi ya Martha Jones. Padatenga zaka zoposa 40 kuti mkazi wachikuda alowe m'chombo chija ngati mnzake wa Dokotala. Udali mu 2007, ndipo wosewerayo adali Freema Agyeman, wobadwira mu London, bambo ake a ku Ghana, mayi ake a ku Iran. Martha adali wophunzira udokotala weniweni, wa m'chipatala.

Ulendo wopita m'zaka zakale sukoma mofanana kwa mzungu ndi kwa munthu wakuda, ndipo olemba sadabise. M'gawo lina awiriwa adakabisala pa sukulu ya anyamata ku England m'chaka cha 1913. Dokotala adakhala mphunzitsi, Martha adakhala wantchito wokolopa. Ana a sukulu ankamunyoza chifukwa cha khungu, ndipo namwino wa pasukulupo adakana kukhulupirira kuti mkazi wakuda angaphunzire udokotala, kufikira Martha atamutchulira mafupa a m'dzanja limodzilimodzi.

Pambuyo pake, mdani wotchedwa Master adalanda dziko lonse n'kumugwira Dokotala. Martha adayenda yekha chaka chathunthu, dziko ndi dziko, kufotokozera anthu za Dokotala kuti asataye mtima, ndipo ndi ulendo wakewo umene udagwetsa mdaniyo. Zitatha, nthawi idabwezedwa m'mbuyo, moti kupatula anthu ochepa, dziko lonse lidaiwala zimene mtsikanayu adachita. Olemba adamulakwiranso pomuika kuti azingokhalira kumukonda Dokotala, yemwe mtima wake udali pa mtsikana wina wakale, Rose Tyler. Chokoma n'chakuti Martha sadatayidwe panjira. Adatsanzika yekha, n'kubwerera kukasamala makolo ake ndi kukamaliza sukulu.

Nkhani ya munthu wosenza mbiri ya mnzake n'kuiwalika si yachilendo ku Chiradzulu, ndipo kuno sidali yopeka. Mu 1861 mnyamata wachiyao dzina lake Chuma adawomboledwa m'manja mwa ogula akapolo n'kukakhala pa mishoni ya Bishopu Charles Mackenzie ku Magomero, kufupi ndi Namadzi. Pambuyo pake adayenda ndi David Livingstone mpaka ku India, n'kudzakhalanso naye pa ulendo wake womaliza. Livingstone atamwalira kwa Chitambo ku Zambia mu 1873, Chuma, Abdullah Susi ndi anzawo adaumitsa thupi lake n'kulinyamula miyezi pafupifupi isanu ndi inayi, mtunda woposa makilomita 1,500, mpaka ku Bagamoyo m'mphepete mwa nyanja ya mchere. Pa mwambo wa maliro ku Westminster Abbey mu April 1874, Chuma ndi Susi padalibe. Adafika ku Britain maliro atachitika kale, ndipo ndi iwo amene adafotokozera Horace Waller za masiku omaliza a Livingstone pomwe ankakonza mabuku a ulendowo. Lero kuli mzinda wa Livingstone, kuli Livingstonia, ndipo Blantyre ndi dzina la kwawo kwa mzunguyo. Chuma adamwalira ku Zanzibar mu 1882.

Boma lomweli lili ndi chitsanzo chotembenuka. John Chilembwe adayamba ngati wantchito wa m'nyumba mwa mmishonale Joseph Booth, ndipo mu 1897 adapita naye ku America. Kumeneko njira zawo zidasiyana. Chilembwe adaphunzira ku Lynchburg, ku Virginia, n'kubwera mu 1900 kudzayambitsa Providence Industrial Mission pa Mbombwe. Nkhope ili pa ndalama za dziko lino ndi ya amene adapita ngati woperekeza uja.

Martha atachoka, chitseko cha chombo chidapitiriza kutsegukira ena. Mu 2017 kudabwera Bill Potts, mtsikana wachikuda wogawa chakudya pa kantini ya yunivesite. Mu 2018, Dokotala ali mkazi kwa nthawi yoyamba, woseweredwa ndi Jodie Whittaker, anzake Ryan, Yasmin ndi Graham adafika ku Montgomery, ku Alabama, m'chaka cha 1955. Ryan, mnyamata wakuda, adamenyedwa mbama ndi mzungu chifukwa chotolera mkazi wa mzunguyo golovesi imene idagwa. Pamapeto pake Dokotala ndi anzake adayenera kukhala phee m'basi, osathandiza, kuti mipando idzaze ndipo Rosa Parks akane kupatsa mzungu malo monga zidachitikiradi. Gawoli adalemba nawo ndi Malorie Blackman, mlembi wachikuda wa mabuku a ana.

Ndipo kuyambira mu December 2023 mpaka mu May 2025, mwini filimu adali Ncuti Gatwa, wobadwira ku Kigali mu 1992, yemwe makolo ake adathawa naye nkhondo ya ku Rwanda mu 1994 n'kukakulira ku Scotland.

Mu 2022, pomwe BBC inkakondwerera zaka 100, seweroli lidaonetsa kagawo kena kachete. M'chipinda wamba, mipando itazungulira ngati msonkhano wa banki m'khonde, mudakumana anthu amene adayendapo ndi Dokotala m'zaka zosiyanasiyana, kuti azikambirana zimene sangauze wina aliyense popanda kutengedwa ngati amisala. Pakati pawo padali nkhalamba ya imvi, Ian Chesterton, mphunzitsi uja adagwira mkono wa Dokotala, akudabwa kumva kuti munthu amene adamudziwa ngati gogo wamwamuna tsopano ndi mkazi. Wosewerayo, William Russell, adali ndi zaka 97, ndipo padali patadutsa zaka 57 chichokereni m'seweroli mu 1965. Adamwalira mu June 2024 ali ndi zaka 99.