Chinkhwe cha Mkanda M'khosi: Zakudya Zochiyenera ndi Zimene Zingachiphe

Nkhuku ya kumudzi imadzisankhira yokha chakudya. Imapalasa, imatola ichi, imasiya icho. Mbalame ya m'khola ilibe mwayi wotere, chifukwa imadya chokhacho chimene mwini wake waika m'mbale. M'matauni mwathu muli mabanja amene amasunga zinkhwe, ndipo ena mwa inu, ophunzira athu ndi inu amene munamaliza kale maphunziro, mudzapatsidwa ntchito yozisamalira kapena mudzagulitsa mbewu ndi zipatso kwa eni ake. N'chifukwa chake taona kuti n'koyenera kufotokoza za kadyedwe ka chinkhwe chimene ogulitsa mbalame amachitcha ringneck. Zambiri zimene chimafuna timalima tokha m'minda ndi m'madimba mwathu. Zimene zimachipha nazonso zili pomwepo, pakhomo ndi m'nkhokwe.

Mbalameyi ndi yotani

Akatswiri amachitcha Psittacula krameri. Kwawo kwenikweni ndi ku India, Pakistan ndi maiko oyandikana nawo, komanso chigawo cha Africa chochokera ku Senegal kukafika ku Sudan ndi Ethiopia. Kuno ku Zambia si mbalame ya m'tchire mwathu, ndipo tisachisokoneze ndi tizinkhwe tating'ono ta m'chigwa cha Luangwa. N'chobiriwira, mlomo wake ndi wofiira, ndipo kutalika kwake pamodzi ndi mchira ndi pafupifupi masentimita 40. Chachimuna chikamayandikira zaka 3 chimakhala ndi mzere wakuda ndi wofiirira wozungulira khosi ngati mkanda. Chikasamalidwa bwino chimakhala ndi moyo zaka zoposa 20.

Kulemera kwake ndi magalamu pafupifupi 130. Munthu wa makilogalamu 60 amachiposa kulemera koposa ka 400. Choncho kanthu kamene ife timati n'kolawa chabe, kwa icho ndi chakudya chathunthu, ndipo ngati muli poizoni, thupi lake laling'onolo silichedwa kugonja.

Vuto la mpendadzuwa

M'tchire chinkhwe chimauluka mitunda italiitali n'kumadya zipatso, maluwa, mphukira ndi mbewu zosiyanasiyana. Alimi a ku India amachidandaula chifukwa chimawononga mpendadzuwa, chimanga, mapira ndi magwafa. Chikakhala m'khola chimakondabe mpendadzuwa koposa zonse, ndipo osunga ambiri amachipatsa womwewo tsiku ndi tsiku poona kuti chikudya mokondwa.

Pafupifupi theka la njere ya mpendadzuwa yosenda ndi mafuta. Mbalame yosauluka siingathe kugwiritsa ntchito mafuta onsewo, motero amaunjikana m'chiwindi mpaka chiwindicho chimalephera ntchito. Komanso mpendadzuwa uli ndi vitamini A wochepa kwambiri ndi kashiamu wochepa. Vitamini A akasowa, mphuno ndi kukhosi zimadwala kawirikawiri ndipo nthenga zimachita mbuu. Kashiamu akasowa, mafupa amafooka ndipo chachikazi chimavutika kutulutsa dzira. Zonsezi zimadza pang'onopang'ono, mwa miyezi kapena zaka, mwini wake akuganiza kuti akudyetsa bwino. Mpendadzuwa ndi nshawa zikhale zapakanthawi, njere zowerengeka patsiku, makamaka pochiweta kuti chizolowere dzanja.

Zimene tingachipatse mosaopa

M'masitolo ena a ziweto mumapezeka chakudya chopangidwa kale cha zinkhwe, chooneka ngati timibulu. Kumene chikupezeka, ndicho maziko abwino. Kumene kulibe, tisakanize mawere, mchewere, mapira, mpunga ndi chimanga chokonola, zonse zouma bwino ndi zoyera. Chimanga cha olenji, chimene chinayamba kufalitsidwa m'dziko muno mu 2012, chimaposa choyera chifukwa chili ndi zimene thupi limasandutsa vitamini A. Chimanga chachiwisi chapachitsononkho chimachisangalatsa kwambiri, ndipo kukukuta chitsononkhocho kumachipatsa chochita.

Masamba asasowe tsiku lililonse. Repu, mpiru, chibwabwa, kalembula ndi chamwamba ndi abwino, ndipo tingawapachike pawaya wa khola ali athunthu. Tionjezepo karoti, dzungu pamodzi ndi nthanga zake, ndi kandolo wofiira mkati wophika popanda mchere. Tsabola wowawa sachivuta, pakuti mbalame sizimva kuwawa kumene ife timamva, ndipo zambiri zimamukonda.

Zipatso monga papaya, mango, gwafa, nthochi ndi lalanje n'zoyenera, koma zichepe poyerekeza ndi masamba chifukwa cha shuga. Nyemba, nandolo ndi khobwe zimapatsa zomanga thupi ngati zaphikidwa mpaka kupsa. Kachidutswa ka dzira lowiritsa kamodzikamodzi n'kothandiza, makamaka nthawi yosintha nthenga, ndipo chikamba cha dziralo tikachiwiritsa, kuchiumitsa ndi kuchisinja chimapatsa kashiamu. Timiyala timene nkhuku imameza si tofunika kwa chinkhwe, popeza icho chimasenda njere ndi mlomo chisanameze.

Zakupha zimene zili pakhomo

Choyamba pa zonse ndi kotapela, amene ena amati mapeyala. Mu chipatso, nthanga, masamba ndi khungwa la mtengowu muli poizoni wotchedwa persin, amene amawononga mnofu wa mtima wa mbalame. Madzi amadzaza m'thupi, mbalame imabanika, ndipo ingafe pasanathe masiku 2. Palibe mankhwala othetsa poizoniyu. Ngakhale nthambi ya kotapela tisaiike m'khola kuti ikhale poterapo, chifukwa chinkhwe chimatafuna mtengo uliwonse umene chaimapo. Masamba omwewa amadwalitsanso akalulu ndi mbuzi.

Chachiwiri ndi anyezi ndi adyo, zaziwisi ngakhale zophika. Zimaphwanya maselo ofiira a magazi, ndipo mbalame imafooka chifukwa cha kuchepa kwa magazi. Pa chifukwa ichi ndiwo zotsala pambale si za chinkhwe. Mulinso mchere, umene impso zake zing'onozing'ono sizitha kuutulutsa wambiri, ndi mafuta ophikira. Nsima yokhayokha siipha, koma imadzaza mimba popanda phindu lokwanira.

Chokoleti, khofi, tiyi ndi zakumwa za kola zili ndi zinthu zothamangitsa mtima, ndipo zingachititse mbalame kunjenjemera ndi kukomoka mpaka kufa. Mowa wa mtundu uliwonse, pamodzi ndi masese ake, ukhale kutali. Mkaka suli woyenera chifukwa mbalame sizigaya shuga wa mumkaka, ndipo zimatsegula m'mimba. Ana a pakhomo auzidwe zimenezi momveka, pakuti iwo ndiwo amakonda kugawana ndi mbalame zimene akudya.

Nyemba zouma zosaphika zili ndi poizoni amene amatha pokhapokha zitawira mokwanira. Kuzinyika m'madzi kokha sikukwanira. Chinangwa chachiwisi, makamaka chowawa, chimatulutsa poizoni wa cyanide, ndipo yemweyo ali mu njere za apulo ndi mu nthanga za mapichesi. Mnofu wa apulo ndi wabwino tikachotsa njerezo. Tisaiwale kuti mapira akamera, mphukira zake nazonso zimakhala ndi poizoni ameneyu, choncho chimera cha mapira si cha mbalame. Wofuna kumeretsa mbewu ameretse mphodza. Masamba a matimati ndi a mbatatesi, mbatatesi yobiriwira ndiponso nsatsi, zonsezi zisafike pafupi ndi khola.

Zakupha zimene zili m'nkhokwe

Apa ndi pamene nkhaniyi ikutikhudza kwambiri ife alimi. Mbewu yabwino ingasanduke yakupha chifukwa cha kasungidwe. Nshawa ndi chimanga zikasungidwa zisanaume, kapena zikanyowa m'thumba, zimachita chuku. Chuku cha mtundu wa Aspergillus flavus chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amawononga chiwindi. Poizoniyu anadziwika pambuyo pa chaka cha 1960, pamene nkhukundembo pafupifupi 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya chosakaniza ndi nshawa zochokera ku Brazil. Kukazinga kapena kuphika sikumuchotsa. Fumbi la chuku likalowa m'mapapo limayambitsanso matenda a chifuwa ovuta kuchiza.

Ambiri tinazolowera kuti posankha nshawa, zofota, zoboola ndi zosintha mtundu timaponyera ziweto. Zimenezo ndizo zimakhala ndi poizoni wambiri. Njere imene sitingapatse mwana isapite m'mbale ya chinkhwe, ngakhalenso ya nkhuku. Chizolowezi chowaza madzi pa nshawa kuti zisavute kutongola chimaitana chuku chomwechi, ndipo tichileke.

Mbewu yogula yobzala, yopakidwa utoto wofiira kapena wobiriwira, ili ndi mankhwala, ndipo kuitsuka sikuisandutsa chakudya. Chimanga chothira fumbi lophera anankafumbwe chisaperekedwe kwa mbalame yaing'ono chotere. Masamba opopera mankhwala adikire masiku olembedwa pabotolo, kenaka atsukidwe ndi madzi oyera. Amene akufuna kugulitsa chakudya kwa osunga mbalame apatule thumba lake losathira mankhwala, aliumitse bwino, alisunge pamalo okwera ndi opita mphepo. Wogula amene mbalame yake yafa ndi mbewu yathu sabweranso, ndipo amauza anzake.

Kaperekedwe

Zaziwisi tipereke m'mawa, pamene mbalame ili ndi njala, ndipo zotsala tichotse pakapita maola ochepa. M'nyengo yotentha ya Okutobala chipatso chodula chimasasa msanga ndi kuitana ntchentche. Madzi asinthidwe tsiku lililonse, mbale zitsukidwe. Zitini zadzimbiri ndi ziwiya za malata tizipewe, chifukwa chinkhwe chimakukuta chitsulo ndipo zinki wa pamalata ndi poizoni. Mbale ya dothi yosapaka utoto kapena ya chitsulo chosachita dzimbiri ndiyo yabwino.

Chinkhwe chimene chinakulira pa mpendadzuwa chimakana chakudya chatsopano poyamba. Tisachisinthe tsiku limodzi, ndipo tisachimane chakudya poganiza kuti njala ichiphunzitsa, pakuti mbalame yaing'ono imafooka msanga. Tichepetse mpendadzuwa pang'onopang'ono kwa masabata angapo, uku tikuika masamba tsiku ndi tsiku ngakhale chikuwataya. Pakupita kwa nthawi chimayamba kulawa.

Zikavuta

Mbalame imabisa matenda, chifukwa m'tchire yooneka yofooka ndiyo imagwidwa. Tikaona chinkhwe chafufumitsa nthenga, chakhala pansi pa khola, chikupuma movutika mchira ukugwedezeka, chikusanza, kapena zitosi zasintha mtundu, tidziwe kuti chadwala kwambiri. Tichotse chakudya chimene tikuchikayikira ndi kusungako pang'ono kuti dokotala akaone. Mbalameyo tiiike pamalo ofunda ndi achete, ndipo tipite nayo kwa dokotala wa ziweto tsiku lomwelo. Tisaimwetse mkaka, mafuta kapena madzi a mchere mokakamiza, chifukwa zingalowe m'mapapo n'kuipha msanga. Akulu anati zengerezu adalinda kwawukwawu.

Wina akatopa nacho chinkhwe chake asachitulutsire kutchire. Zimene zinathawa kapena kumasulidwa m'makola zinaswana n'kukhazikika ku London, ku Johannesburg ndi ku Durban, kumene zimalimbirana mphako za mitengo ndi mbalame za komweko. Mbalame imene imavutitsa alimi a mpendadzuwa ku India sitingaifune m'minda mwathu. Ndi bwino kuchipereka kwa munthu wina wodziwa kusamala.

Tikapatsidwa chinthu chimene sichili pakati pa zimene tatchulazi, tisachiyese pa mbalame. Tiyambe tafunsa alangizi a ziweto, ndipo podikira yankho tipitirize ndi mawere, masamba a m'dimba ndi madzi oyera.