Tithandize Ana Athu Kuyeza Ngodya

Tsiku lina madzulo nditangofika kuchokera kuntchito, mwana wanga wamkazi wa mu Year 5 anandilandira ndi nkhope yakugwa. Pa mafunso khumi a masamu anakhoza anayi okha. Nditayang'ana m'kope lake ndinaona kuti pamene yankho linali madigiri 50 iye analemba 130, ndipo pamene panafunika 70 analemba 110. Mwanayu si waulesi, maso akenso amaona bwino. Chinamusokoneza ndi mizere iwiri ya manambala imene ili pa protractor.

Ambirife tikukakumbukira kachipangizo kameneka. Kankakhala m'kabokosi kachitsulo ka Oxford pamodzi ndi kampasi ndi rula, ndipo ena tinkachita kubwereka pa tsiku la mayeso. Koma zaka zapitapo, mwakuti mwana akatifunsa timangoti, "Ukafunse aphunzitsi mawa." Makolo anzanga, tisamatero. Kuno ku England ana amayamba kuyeza ndi kujambula ngodya mu Year 5, ndipo protractor imafunika pa mayeso a SATs amene amalemba mu Meyi ali mu Year 6. Nkhani yomweyi imawapezanso ku GCSE, kumene ochonga mayeso kawirikawiri salola kuphonya kopitirira madigiri awiri.

Kodi timayeza chiyani?

Ngodya ndi pamene mizere iwiri yakumana. Sitiyeza kutalika kwa mizereyo ayi, koma mmene yayasamira, monga mmene chitseko chatsegukira. Munthu akatembenuka mpaka kuyang'ananso kumene anayang'ana poyamba, wazungulira madigiri 360. Theka lake ndi 180, umene ndi mzere wowongoka. Kona ya buku ndi madigiri 90. Kawerengedwe aka kanachokera kwa anthu akale a ku Babulo, amene ankawerenga m'magulu a 60. N'chifukwa chakenso ola lili ndi mphindi 60.

Kayezedwe kake

Choyamba, ikani kachizindikiro ka pakati pa protractor ndendende pamene mizere iwiri yakumana. Chachiwiri, mzere wa 0 ugone pamwamba pa mzere umodzi wa ngodyayo. Chenjerani apa: pa ma protractor ambiri mzere wa 0 suli m'mphepete mwenimweni mwa pulasitiki, uli pamwamba pang'ono. Chachitatu, yambirani pa 0 amene wagona pa mzerewo, n'kumawerenga 10, 20, 30 mpaka mufike pa mzere wachiwiri. Ngati mzere wachiwiriwo ndi waufupi, utalikitseni ndi rula ndi pensulo. Kuutalikitsa sikusintha ngodya.

Msampha uli apa

Protractor ili ndi manambala a kunja ndi a m'kati. Ena amayambira kumanzere, ena kumanja, kuti munthu athe kuyeza kuchokera mbali iliyonse. Motero pamalo amodzi pamakhala manambala awiri amene kuwaphatikiza amakwana 180, monga 50 ndi 130. Mwana wopupuluma amangotola nambala imene diso lake layamba kuona.

Mankhwala ake ndi osavuta. Mwana asanagwire n'komwe protractor, mufunseni kuti, "Kodi ngodya iyi ndi yaikulu kapena yaing'ono poyerekeza ndi kona ya buku?" Ngati ndi yaing'ono, imene kusukulu amaitcha acute, yankho silingapose 90. Ngati ndi yaikulu koma yosafika pa mzere wowongoka, imene amati obtuse, yankho lili pakati pa 90 ndi 180. Akazolowera funso limeneli sangalembenso 130 pa ngodya yopapatiza.

Nanga ngodya yoposa 180? Yezani ngodya yaing'ono ya mbali inayo, kenaka muichotse pa 360. Mukapeza 110, ndiye kuti yaikuluyo ndi 250.

Zoyeserera pakhomo

Wotchi ya mivi ndi mphunzitsi wabwino. Kuchoka pa nambala ina kufika pa yotsatira ndi madigiri 30, choncho 2 koloko mivi imapanga 60, ndipo 3 koloko imapanga 90. Mukhozanso kumuuza mwana ajambule chithunzi cha ngodya zitatu, ayeze iliyonse, aphatikize. Akapeza nambala yotalikirana ndi 180, adziwa yekha kuti penapake walakwitsa, inu osanena kanthu.

Musaiwale kumuonetsa kuti ngodya si za m'kalasi mokha. Amene timagwira ntchito ya zomangamanga tikudziwa malangizo a bungwe la HSE akuti makwerero azitsamira khoma pa madigiri 75, kutanthauza mita imodzi kuchoka pakhoma pa mamita anayi alionse okwera. Amene timasamalira okalamba tinaphunzitsidwa kumupendeketsa wodwala pa madigiri 30 pofuna kupewa zilonda za pabedi. Mwana akamva kuti mayi kapena bambo ake amagwiritsa ntchito madigiri tsiku ndi tsiku, amalimbikira.

Ine ndi mwana wanga tinakhala pa tebulo madzulo atatu, mphindi khumi zokha tsiku lililonse. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Masiku ano akatsegula kope, ndimamumva akudzifunsa chapansipansi kuti, "Yaikulu kapena yaing'ono?" Akatero m'pamene amatenga protractor.