Myuda Amene Sadabisale

Mbiri yatifika yakuti chidani cha pa Ayuda chakula ndithu ku Ulaya ndi ku Amereka, makamaka chiyambire nkhondo ya ku Gaza m'chaka cha 2023. Tsono Ayuda ambiri ali kufunsana kuti: Kodi tibisale? Kodi tisamuke? Kwathu kwenikweni nkuti? Yankho lina lili pafupi nafe, ku Zambia.

Simon Zukas adabadwira ku Lithuania m'chaka cha 1925, nafika ku Northern Rhodesia mu 1938 ali mnyamata. Sipadapite nthawi, Ayuda ochuluka otsala kwaoko adaphedwa ndi anthu a Hitler, amene adapulula Ayuda okwana 6 miliyoni. Munthu wopulumuka chotere akadatha kukhala chete pakati pa Azungu, nadya zake mwamtendere. Koma iye, podziwa kuwawa kwa tsankho, adaima pamodzi ndi anthu akuda kukana chitaganya cha Federation, ndipo boma la atsamunda lidampitikitsira ku England mu 1952. Dziko litalandira ufulu mu 1964 adabwerera, pambuyo pake nakhala nduna ya boma. Mu 1996 padakhazikitsidwa lamulo loletsa Kenneth Kaunda kupikisana nao pa upulezidenti chifukwa makolo ake adachokera kuno ku Malawi; Zukas adatula pansi unduna. Adamwalira ku Lusaka mu 2021, ali Myuda ndithu, alinso Mzambia ndithu.

Phunziro lake ndi ili: wodedwa asabise dzina la makolo ake, asadzitsekerenso m'nyumba, koma amange ubale ndi eni dera, nateteze ena odedwa.

Komatu mlendo sazika mizu eni mudzi akamtsekera khomo. Mpingo wathu udanenetsa pa 28 Okutobala 1965, pa Msonkhano wachiwiri wa ku Vatican, kuti mlandu wa imfa ya Ambuye Yezu usaikidwe pa Ayuda onse, nudzudzula chidani chilichonse cha pa iwo. Yezu mwini, Amai Maria ndi Apostoli onse adali Ayuda.

Nanga ife? Mu Meyi 2023 othawa nkhondo a ku Burundi, Rwanda ndi Congo adagwidwa m'makomboni a Lilongwe, natsekeredwa ku Maula, natumizidwa ku Dzaleka. Ena adali anansi athu, otigulitsa mchere ndi sopo. Kodi tidawalankhulira? Makolo, musalole ana anu kutonza mnzao chifukwa cha mtundu wake. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.