Dzina la agogo anu lili m'buku lomwe chiswe chikulilondalonda

Funsani mabanja a ku Bvumbwe, Luchenza kapena Makwasa kuti kwawo kwenikweni n'kuti. Ambiri aloza kum'mawa, kutsidya kwa Ruo: "Agogo anachokera ku Mozambique." Ndiye funsaninso chaka chomwe anawoloka, mfumu yomwe inawalandira, esiteti yomwe anayambira kuthyola tiyi. Apa nkhani imayamba kuzilala, wina n'kungoti, "Akanakhalapo amalume akanakuuzani."

Chonsecho zambiri mwa izi zinalembedwa. Atsamunda sankalemba chifukwa chotikonda ayi, ankafuna msonkho ndi antchito. Alhomwe atayamba kulowa mwaunyinji kumapeto kwa zaka za m'ma 1890, kuthawa nkhanza za Apwitikizi, ambiri anapeza pokhala pamalo a azungu. Mtengo wake unali thangata: kugwira ntchito kwa mwini esiteti ngati lendi ya pomwe wamangapo nyumba. Ndiye panali kalaliki wolemba amene wagwira ndi amene wajomba. Lamulo la 1928 linkalolanso eni malo kuthamangitsa ena mwa anthuwo, ndipo madandaulo ake ankathera patebulo pa bwana DC. Thangata anathetsedwa mu 1962, koma mapepala ake anatsala.

Mapepala a boma oterewa kwawo ndi ku Zomba, ku National Archives of Malawi, yomwe inayamba mu 1947 ngati nthambi ya Central African Archives. Kumeneko kuli malipoti a maboma, makalata a mafumu, milandu ya m'makhoti, ndi mabuku omwe ma DC ankalembamo mbiri ya midzi ndi mzere wa maufumu. Komiti ya Sidney Abrahams yomwe inafufuza za malo mu 1946, komanso zipolowe zomwe zinayambira ku Thyolo mu Ogasiti 1953 n'kuphetsa anthu 11, zonsezi zinasiya mapepala.

Dziko lino likudziwa kale kuwawa kwa kutaya zolembedwa. Mu 1919 moto unapsereza maofesi akuluakulu a boma ku Zomba, ndipo mafayilo ochuluka a zaka zoyambirira za utsamunda anasanduka phulusa. Moto umamveka, anthu amathamanga ndi zidebe. Chiswe, chinyontho ndi denga lodontha sizikuwa. Fayilo ikhoza kukhala m'chipinda chosungiramo njinga zakufa ndi mipando yothyoka mpaka tsiku lomwe wina adzayatsire mbaula. Namondwe Freddy atakokolola nyumba kuno kummwera mu Marichi 2023, tinawerenga anthu, milatho ndi minda, ndipo m'pomveka. Koma makadi a ubatizo, ziphaso ndi makope a nyakwawa omwe anapita ndi matope sawerengeka.

Ntchito ina yojambula mapepala akale a m'maboma kuti asungidwe pakompyuta yakhala ikuchitika ndi thandizo la British Library ya ku London. Tiyamike. Komabe zimachititsa manyazi kuti mbiri ya agogo athu idikire chifundo cha dziko lomwelo limene linawagwiritsa thangata. Pamisonkhano ya ndale timamva za feteleza ndi misewu. Za mashelefu, mankhwala a chiswe ndi makina ojambulira mapepala, zii.

Mwina mukuti izi ndi za ophunzira a ku yunivesite. Dikirani tsiku la mlandu wa malo. Ku Thyolo malo ndi nkhani yautsi: tiyi wayala mapiri, anthu apanikizana m'mphepete. Vincent Wandale ndi gulu lake la People's Land Organisation anautsa fumbi pankhani yomweyi. Kaya mumagwirizana naye kaya ayi, funso loti malo awa anali a yani, anapita bwanji, malire anali pati, yankho lake lili m'mapepala. N'chimodzimodzi mkangano wa ufumu, pamene mbumba ziwiri zonse zikuti mpando ndi wa kwawo.

Ndipo musaiwale kuti kalata ya kubadwa ndi yachilendo kwa ambiri a ife. Lamulo lakale la 1904 linkakakamiza anthu osakhala Aafirika okha kulembetsa ana. Lamulo lokhudza aliyense linabwera mu 2010, ziphaso za unzika mu 2017. Choncho kwa agogo obadwa 1930, umboni woti anakhalapo ukhoza kukhala mzere umodzi m'buku la msonkho, m'buku la malipiro a pa esiteti, kapena m'kaundula wa mpingo, monga pa mishoni ya Malamulo yomwe yakhalapo kuyambira 1902. Mabuku a maesiteti akale ngati Satemwa, yomwe inayamba mu 1923, ndi katundu wa makampani, si a boma. Ine ndikuona kuti boma liyenera kukambirana nawo, limodzi ndi mipingo ndi a Mulhako wa Alhomwe, kuti mabukuwa ajambulidwe, makope apite ku Zomba.

Panopa yambani ndi chikwama cha agogo chija chili pansi pa bedi. Jambulani pepala lililonse ndi foni, ngakhale chitupa cha msonkho chong'ambika, mutumizire abale awiri atatu pa WhatsApp. Akuluakulu omwe alipo muwafunse dzina la kuubwana, la pachinamwali ndi la pantchito, chifukwa munthu mmodzi ankatha kulembedwa katatu mosiyana. Mukapita ku Zomba, kapena ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala mu Blantyre, musakafufuze "Thyolo" yekha. M'mafayilo akale bomali ndi "Cholo", Mulanje ndi "Mlanje", ndipo Alhomwe analembedwa ndi dzina lija lonyoza loti "Anguru".