Kuchoka ku Masanje Kufika pa Facebook

Ndili mwana, nyengo yokolola ikatha tinkamanga timisasa ta mapesi kuseri kwa mudzi n'kumachita masanje. Wina ankakhala bambo, wina mayi, ena ana. Ine kawirikawiri ankandisankha kukhala fisi, ndipo ntchito yanga inali yoba ndiwo pamoto. M'nkhani ino ndifotokoza momwe masewera amathandizira munthu kudzidziwa, komanso momwe intaneti yasinthira zimenezi.

Katswiri wa ku America, George Herbert Mead, anafotokoza kuti mwana sabadwa akudziwa kuti iye ndani. Maganizo akewa ali m'buku lotchedwa Mind, Self and Society, lomwe linatuluka mu 1934. Poyamba mwana amatsanzira anthu mmodzimmodzi, monga mtsikana wa pamasanje amene amakalipira "ana" ake ndi mawu a mayi ake enieni. Kenako amalowa masewera okhala ndi malamulo, monga fulaye kapena mpira, pomwe amayenera kulingalira zomwe gulu lonse likuyembekezera kwa iye. Choncho munthu amaphunzira kudziona momwe anzake amamuonera.

Facebook inayamba mu 2004, WhatsApp mu 2009, ndipo zonsezi zatipatsa bwalo lina losewerera. Munthu amasankha yekha dzina, chithunzi ndi chiyankhulo. Ine pagulu la abale ndimalemba kuti "Mwadzuka bwanji amalume?" Pagulu la kalasi ndimalemba Chingerezi, pomwe kwa anzanga ndimangoti "zili bho". Erving Goffman, m'buku lake la mu 1956, anayerekeza moyo wa tsiku ndi tsiku ndi sewero: munthu amasintha machitidwe malinga ndi omwe akumuonerera.

Komabe pali kusiyana kutatu. Koyamba, masanje ankatha dzuwa likalowa, ndipo fisi uja ankabwerera kwawo ali mwana wabwinobwino, pomwe zolembedwa pa intaneti zimakhalitsa. Kachiwiri, oonerera amasakanikirana. Tsiku lina ndinalemba nthabwala yoseka kayankhulidwe ka kwathu pofuna kusangalatsa anzanga a m'tauni, koma wina anaijambula n'kuitumiza kwa amalume. Iwo anangondifunsa ngati sukulu yandichititsa manyazi ndi kwathu, ndipo ndinasowa choyankha. Kachitatu, malamulo a fulaye tinkagwirizana tokha, koma pa Facebook pulogalamu ya kampani ndiyo imasankha zambiri zomwe timaona, potengera zomwe tinaonetsa kale kuti timakonda. Kampaniyo imapeza ndalama kudzera m'malonda otsatsa, motero imafuna tikhalitse pamenepo.

Pomaliza, sindikunena kuti intaneti ndi yoipa. Akuluakulu amati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo ine ndaphunzira zambiri kwa anthu omwe sindinakumane nawo. Koma ife ophunzira ziyankhulo tizikumbukira kuti mawu omwe timasankha posewera pa foni ndi omwewo amene anthu amatidziwa nawo, ngakhale sewerolo litatha kalekale.