Zinthu 6 zodabwitsa za makina oziziritsa mpweya m'boti

1. Moyo wake uli m'madzi a m'nyanja. AC (makina oziziritsa mpweya) ya m'nyumba imataya kutentha kudzera pa fani ya panja. Ya m'boti imakoka madzi pabowo la pansi pa boti, n'kuwadutsitsa m'sefa, m'pampu ndi m'paipi yopiringizika, kenako kuwalavulira kunja atanyamula kutenthako. Makina a 12,000 BTU amafuna malita pafupifupi 11 pa mphindi iliyonse. N'chifukwa chake wodziwa ntchito akangoyatsa amayamba wasuzumira m'mbali mwa boti kuti aone ngati madzi akutuluka.

2. Pampu yake siitha kudzikokera madzi yokha. Amaimanga m'munsi mwa pamene madzi a kunja alekezera, ndipo mpweya ukalowa m'paipi imangozungulira pachabe.

3. Nyanja ikatentha, makina amafooka, tsiku lomwe mukuwafunitsitsalo. Mu Julaye 2023 madzi a ku Manatee Bay ku Florida anafika 38.4°C. Madzi ofunda chotere angaziziritse chiyani?

4. Jumbo limodzi lokha litha kuzimitsa zonse. Likamatira pabowo lija madzi amasiya kulowa, gasi woziziritsa wa m'makinamo amatentha n'kupanikizana, makina n'kudzizimitsa okha poteteza kompresa. Apa ambiri amathamangira kunena kuti gasi watha, n'kulipira mmisiri pachabe. Tsekani kaye valavu ya pabowo, mutsegule sefa: mupezamo ndere, matope, mwina kansomba kakufa. M'nyanja zamchere vuto n'lalikulu, chifukwa tizilombo ta zigoba timamera mkati mwa mapaipi momwemo, makamaka madzi akafunda, ndipo amatichotsa ndi mankhwala a asidi.

5. Makina amatha kuchita ayezi dzuwa likuswa mtengo. Sefa ya mpweya ikadzaza fumbi ndi ulusi wa zofunda, mpweya suyenda bwino, ndiye chinyezi chimaundana pa mapaipi ozizira mpaka kutsekeratu njira. Zimitsani kompresa, musiye fani yokha, mutsuke sefayo.

6. Atha kupha munthu ali m'tulo. Boti likaima kutali ndi doko magetsi amachokera ku jenereta, ndipo utsi wake, makamaka wa petulo, uli ndi carbon monoxide, mpweya wosaoneka komanso wosanunkha. Makina akamakoka mpweya kuchokera kuchipinda cha injini amaufalitsa m'zipinda zonse. Musagone jenereta ikulira ngati m'botimo mulibe alamu ya mpweya umenewu.